Bolodi Limene Ndinalandira ndi Manja Awiri

Ikani kaye mafoni anuwo pansi, ana inu. Iwe Tadala, ndiwe unayambitsa nkhaniyi, ndiye usandiyang'ane ndi diso limodzi, lina lili pafoni. Dzana unabwera kuchokera kuyunivesite ndi chithunzi cha chikompyuta chodzaza chipinda chonse, chimene aphunzitsi ako amati supakompyuta, ndipo unayamba kundifotokozera pang'onopang'ono ngati ukulankhula ndi munthu amene wangotsika ndege dzulo. Ine ndinkangogwedeza mutu. Sindinafune kukudula pakamwa, pajatu unkalankhula bwino, ngakhale zonse zinali m'Chingerezi. Koma lero ndikuuzeni nonse kuti manja mukuwaonawa, amene masiku ano akulephera kutsegula botolo la jamu, anagwirapo m'mimba mwa zinthu zimenezo kwa zaka zambiri. Ndipo ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchitoyo ndisanaizolowere n'komwe, chifukwa cha ulemu umene anandiphunzitsa amayi anga.

Ine ndinayambira ku mawailesi. Pamsika wa ku Kasungu ndinali ndi kathebulo pakhonde la telala wina, ndipo zida zanga zonse zinkakwana m'chitini cha mabisiketi. Chowotcherera changa sichinali cha magetsi. Chinali kachitsulo ka mkuwa kokhomera pamtengo, ndinkakaika pambaula mpaka katenthe, kenako n'kufulumira nako pawailesi kasanazizire. Mbaula yomweyo inkandiwotcheranso chinangwa cha masana, moti mawailesi ambiri a ku Kasungu ankabwerera kwa eni ake akununkha chinangwa. Batire ndinkaliyesa ndi lilime. Usakwinye nkhope, Yamikani, sindinafe. Mabatire akatha mphamvu sitinkataya, tinkawayanika padenga kuti amve dzuwa, madzulo n'kumveranso nkhani. Wailesi ikafa ndithu ndinkaichotsa chilichonse, makamaka matiranzisita, tinthu ta miyendo itatu tokula ngati njere ya nyemba. Wailesi imodzi inkakhala nato tisanu ndi kamodzi, ina tisanu ndi titatu, ndipo ndinkatidziwa monga munthu amadziwira nkhuku zake.

Ndinali wonyada, ndisakubisireni. Kwa ine kutaya chinthu kunali kuvomera kuti chandigonjetsa. Munthu akabwera ndi wailesi imene amisiri ena aikana, ndinkaikhalira ngakhale sabata yathunthu mpaka ilankhule.

Agogo anu aakazi ndiwo anatsogola kuno, atapeza ntchito ya unesi pachipatala chachikulu cha ku Wolverhampton. Ine ndi amayi anu Tiya, ali kamtsikana ka sukulu, tinawatsatira pambuyo. Ndinafika ndi chitini changa cha mabisiketi m'sutikesi, poganiza kuti dziko la magetsi ochuluka chonchi lili ndi zokonza zochuluka. Ndinadzinamiza. Kuno wailesi ikatsokomola amaiponya kunja n'kukagula ina. Ndinkadutsa m'misewu n'kumaona ma TV ali panja akunyowa ndi mvula, mtima n'kumandiwawa ngati ndaona munthu atagona m'ngalande. Ntchito imene ndinapeza inali yonyamula makatoni m'maweyahausi, lero uku, mawa uko, malinga ndi kumene a ejensi atitumiza. Zaka zisanu ndi chimodzi palibe amene anandifunsapo kuti ndimadziwa chiyani. Kutchalitchi ankandionetsa kwa alendo kuti awa ndi amuna awo a anesi aja, ine n'kumaseka nawo, koma zinkandipweteka.

Tsiku lina a ejensi ananditumiza ku fakitale ina ku Telford, ndikuganiza kuti ndi makatoni omwe aja. Nditafika ndinapeza akufuna anthu odziwa kuwotcherera. Kapitawo wa kumeneko anali mayi wina dzina lake Maureen, wamfupi, wa mawu okweza, amene ankalankhula Chingerezi cha kuno chimene mpaka lero ndimamva theka. Anandikhazika pagalasi lokulitsa zinthu n'kundipatsa kabolodi koyeserera, kathabwa ka tizipangizo ta magetsi ngati ka m'kati mwa wailesi. Nditamaliza anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Munaphunzira kuti zimenezi?" Ndinamuyankha kuti pambaula. Sanamve chimene ndinkatanthauza, koma anandiuza kuti ndiyambe Lolemba, andiyesa miyezi itatu, ndikachita bwino andilemba ntchito yokhazikika. Pobwerera m'sitima tsiku limenelo ndinkangoyang'ana manja anga ngati ndi a munthu wina.

Tsopano mverani mmene chinthucho chimakhalira, Tadala andikonze ndikalakwitsa. Anthu amaganiza kuti supakompyuta ndi bongo umodzi wanzeru zoopsa. Si choncho. Ndi makabati aatali kuposa munthu, ondandalikidwa m'mizere. M'kabati iliyonse mumalowa mabolodi ambiri, osanjikana ngati mathireyi a buledi mu uvuni. Pabolodi lililonse pamakhala matchipu, ndipo tchipu yaikulu, imene imawerengera, imakula ngati chikhatho cha mwana. M'kati mwa tchipu imodzi yokhayo muli matiranzisita mabiliyoni. Atandiuza koyamba ndinaseka, ndinkayesa akundinamiza poti ndine watsopano. Ine amene ndinkanyadira tisanu ndi titatu! Ndipo chinthucho amachipanga kuchokera ku mchenga woyengedwa, mchenga ngati umene tinkatsukira mapoto.

Amene anandifotokozera bwino anali a Harjit, bambo wachikulire wa ndevu zoyera ndi nduwira kumutu, wokhala ku Birmingham. Iwo ndiwo ankajambula mabolodiwo, kusankha kuti tchipu ikhala apa, waya udutsa apa. Ankakonda kutsika ku ofesi kwawo nthawi ya tiyi n'kumacheza ndi ife omanga. Anati funso limodzi lalikulu, monga kuwerengera kumene mphepo ndi mvula zilowere mawa, amaligawa tizidutswatizidutswa, tchipu iliyonse n'kutenga kake, kenako zonse n'kumauzana mayankho mosalekeza. Ndinawauza kuti kwathu timachita zimenezo polima dima, aliyense amatenga mzere wake, ndipo m'modzi akachedwa onse amamudikira kumapeto kwa munda. Anasangalala kwambiri, mpaka anandifunsa kalembedwe ka mawuwo.

Iwo ankati moyo wawo wonse akhala akulimbana ndi adani awiri. Woyamba ndi mtunda. Magetsi amathamanga, koma kwa tchipu, waya wotalika ngati chala ndi ulendo, choncho mosungira manambala amamuika pafupi penipeni, mogundana nayo. Wachiwiri ndi kutentha. Tchipu ikamagwira ntchito imatentha moti ikhoza kudzipsereza yokha, ndiye pamwamba pake amaikapo chimbale cha mkuwa chokhala ndi timipaipi, madzi n'kumadutsamo kuchotsa kutenthako. Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga. Ndinkapaka kaphala kotuwa patchipu, kochepa kwambiri, n'kukhazikapo chimbalecho, kenako kumanga masikuluwu mopingasa, ili kenako lapatsidya lake, kuti chikhale mofanana mbali zonse. Ukathinitsa mbali imodzi tchipu imasweka. Ntchitoyo ndinaikonda kuyambira tsiku loyamba.

Mdani wachitatu anali ife eni ake. Mukudziwa kamphenzi kamene kamakulumani chala mukagwira chitseko cha galimoto nthawi yozizira? Kameneko n'kokwanira kupsereza tinjira ta m'kati mwa tchipu. Ndipotu ngakhale kochepa koti munthu sangakamve kamawononga. Choncho aliyense wokhala pabenchi ankavala kalamba pamkono, kokhala ndi chingwe chomangirira kubenchiko, kuti magetsi a m'thupi azitsikira pansi. M'mawa uliwonse tinkakayeza pakamakina kapakhomo, n'kusaina. Maureen ankabwereza mpaka kutopetsa kuti wogwira bolodi alibe kalamba, chitseko ndi icho. Koma chimene chinandilowa m'mutu ndi chimene ananena a Harjit. Anati tchipu ikafa nthawi yomweyo amathokoza, chifukwa amaiona n'kuichotsa. Yoopsa ndi yovulala. Imapambana mayeso onse, imalowa m'kabati, imagwira ntchito miyezi, kenako imayamba kulakwitsa samu kamodzi pakanthawi, mwakachetechete, pakati pa zinzake masauzande. Anthu amatha masabata akufufuza kuti yonama ndi iti.

Paja tsoka silinunkha. Nditatsala ndi masabata awiri kuti miyezi itatu ija ikwane, kunja kukuzizira kouma kuja kwa mu Januwale, a Harjit anatsika ndi mabolodi khumi ndi awiri a mtundu watsopano. Anali oyamba kupangidwa, ndipo anali atawajambula kwa zaka ziwiri. Anaima chapatali pang'ono ndi benchi langa, natsegula chotengera, natulutsa limodzi n'kunditambasulira, uku akulankhula ndi Maureen amene anali kumbuyo kwawo.

Ana inu simungamvetse, chifukwa inu mumalandira chinthu ndi dzanja limodzi, maso ali kwina, mwinanso n'kunena kuti ponyani. Ife tinakula kuti wamkulu akakupatsa kanthu umanyamuka, umapita pamene ali, umawerama, n'kulandira ndi manja awiri. Amayi anga ankatikwapula pa zimenezi. Si chinthu chimene munthu amaganiza, thupi limangochita lokha. Ndiye ndinanyamuka pampando, chingwe chija chinandikoka mkono poti chinali chachifupi, ndipo dzanja langa lamanzere linachimasula lokha ngati likuchotsa udzu pamalaya. Ndinayenda mapazi awiri, ndinawerama, ndinalandira. Chala changa chitangokhudza m'mphepete mwa bolodi, pamene pali timizere ta golide, ndinamva kuti thwa. M'kati mwa dasitikoti ya kuntchito ndinali nditavala juzi ya ubweya imene agogo anu aakazi anandigulira, ndipotu ubweya umasonkhanitsa magetsi m'thupi.

A Harjit sanaone, nkhope inali kwa Maureen. Maureen sanaone, a Harjit anamutchinga. Ndinabwerera pampando, ndinalumikiza chingwe chija mwakachetechete, n'kumanga chimbale cha mkuwa pabolodilo monga mwa masiku onse. Ndinachita ngati palibe chimene chachitika, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Mabolodi onse khumi ndi awiri analowa m'chipinda choyesera, mmene amawatenthetsa ndi kuwagwiritsa ntchito yolemetsa kwa masiku angapo osapuma. Ine ndinali nditaloweza nambala ya langa. Tsiku lililonse ndinkadutsa pawindo la chipindacho ngati ndikupita kukamwa madzi, n'kumasuzumira. Kanyali kake kanali kobiriwira. Lachitatu kobiriwira, Lachinayi kobiriwira. Ndinayamba kudziuza kuti mwina kamphenzi kaja kanapita kwina, kuti mwina azungu amangokokomeza zinthu, kuti ine ndagwirapo mawailesi mazanamazana ndi manja opanda kalamba ndipo onse ankalankhula. Lachisanu Maureen anandiitana n'kundiuza kuti mapepala anga a ntchito yokhazikika akukonzedwa. Ndinamuthokoza, koma chakudya chimene ndinatenga tsiku limenelo ndinabwerera nacho.

Agogo anu aakazi mukuwadziwa, sabisidwa kanthu. Loweruka masana tili kumsika wa ku Wolverhampton, tikusankha matemba pashopu ya munthu wina wa ku Zambia, anangoti, "Bambo a Tiya, mwakhala chete sabata yonse. Akuchotsani ntchito?"

Ndinawauza zonse pomwepo, pakati pa matumba a ufa. Ndinamaliza ndi kunena kuti bolodilo lapambana mayeso, ndiye mwina palibe chifukwa choyambitsira nkhani.

Anandiyang'ana mmene amayang'anira wodwala amene akunama kuti wamwa mankhwala. Anati, "Kuwodi kwathu ukapereka dozi yolakwika umalemba lipoti shifiti isanathe, ngakhale peshenti akuseka, akudya bwinobwino. Sulemba chifukwa wafa. Umalemba chifukwa iwe wekha ndi amene ukudziwa."

Ndinapsa mtima. Ndinati iwo akulankhula choncho poti ali ndi ntchito yawo ndi yunifolomu yawo, sakudziwa kuti kunyamula makatoni zaka zisanu ndi chimodzi n'kutani. Ndinalankhula mokweza mpaka mwini shopu anatembenuka. Iwo sanakweze mawu. Anati, "Ndikudziwa. Ndinkakuonani mukubwera kuchokera kumakatoniko. Mukabwererako ndidzalira nanu. Koma ine sindikupitirani kukanena. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Lamulungu kutchalitchi sindinamve ulaliki. Chimene chinkandizungulira m'mutu si tchimo ayi, ndisadzionetse woyera. Ndinkangoona a Harjit, ndi ndevu zawo zoyera zija, akufufuza chaka chamawa m'makabati kuti cholakwika chili pati, akukayikira zojambula zawo za zaka ziwiri, akudziimba mlandu, ine ndikudutsa pafupi ndi kapu ya tiyi n'kuwapatsa moni.

Lolemba ndinakwera sitima ya ku Telford ndikudziwa kuti mwina ndi komaliza. Sindinapite kubenchi. Ndinapita kwa Maureen n'kumuuza nambala ya bolodi ndi zimene ndinachita. Nkhope yake inafiira. Anati, "Sabata yathunthu! Mukanandiuza tsiku lomwelo bwenzi tikunena zina. Mukudziwa kuti ndinakulemberani kale mapepala?" Ndinati ndikudziwa. Anatenga foni n'kuitana a Harjit, ndipo pamene tinkawadikira sanandiuze kuti ndikhale pansi.

A Harjit atafika anamvetsera osandidula. Kenako anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani ndinamasula chingwecho, poti ndikanangotambasula dzanja limodzi ndili pampando, bolodilo likanandifika. Ndinasowa mawu a Chingerezi, ndiye ndinangowaonetsa. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinayenda mapazi awiri, ndinawerama, manja awiri patsogolo. Kenako anauza Maureen kuti palipotilo alembepo mayina awiri, chifukwa iwo ndiwo anatulutsa bolodi m'chotengera ali kutali ndi benchi, zimenenso n'zoletsedwa. Maureen anati zimenezo sizichotsa sabata imene ndinakhala chete. Iwo anavomera kuti sizichotsa.

A Harjit analamula kuti bolodilo lichotsedwe m'chipinda choyesera. Analibweretsa likadali lofunda. Pamenepo mmisiri wa ku Kasungu uja anadzuka mwa ine. Ndinawapempha kuti andipatse masiku awiri, ndiliyang'ane pagalasi, ndiliyeze paliponse, ndipeze pamene pavulala ndikonze. Ndinati sindinalepherepo kukonza chinthu.

Anati, "Mukonza chiyani? Ndionetseni pamene mukaike chowotcherera chanu. Bala lake, ngati lilipo, lili pansi pa zinthu zimene ngakhale galasi lanulo silingaone. Mwina lilipo, mwina palibe. Ine sindikudziwa, inu simukudziwa, ndipo palibe mayeso amene angatiuze."

Ndinati nanga likakhala kuti ndi labwinobwino?

Anati, "Ndiye kuti tataya labwinobwino."

Anatitsogolera kuseri kwa fakitale, kukachipinda ka waya kumene ankaikako zowonongeka. Lamulo linali lakuti bolodi lokanidwa amalibowola patchipu penipeni, kuti wina asadzalitole n'kulibwezera pamzere poona kuti likuoneka labwino. Anachotsa okha chimbale cha mkuwa chimene ndinamanga ine, napukuta kaphala kaja, tchipu n'kuonekera ikunyezimira. Analipanikiza pathebulo, natenga chobowolera ndi magalasi otchinga maso, n'kundipatsa ine. Anauza Maureen, ine ndikumva, kuti za mapepala anga wogamula ndi iyeyo, koma iwo munthu amene angamukhulupirire pa mabolodi awo ndi amene angathe kuwononga chinthu chooneka chabwino chifukwa choti akuchikayikira.

Ana inu, ndinaikapo maliro a abale anga osagwetsa msozi, koma pamenepo maso anadzaza. Chinthu chokongola ngati chimenecho, chimene ola lapitalo chinkawerengera bwinobwino, chimene munthu anachiganizira zaka ziwiri, ndipo ine amene ndinkayanika mabatire akutha padenga ndiye ndichiphe. Ndinaima nthawi yaitali. Palibe amene anandifulumizitsa. Kenako ndinaika nsonga ya chobowolera pakati pa tchipu n'kukanikiza. Inalira ngati mbale ikusweka, ndipo panatuluka kafumbi kotuwa. Zinatenga nthawi yochepa kuposa kumwa kapu ya madzi.

Ndinavula magalasi aja ndikupukuta m'maso ndi mkono wa dasitikoti, osadziwa ngati ndipite kubenchi kapena kugeti. A Harjit anali atatembenukira kukhoma, nawonso sankafuna kuona. Maureen anayang'ana bowolo, anandiyang'ana ine, kenako anatenga tsache limene linali pakona n'kundipatsa.

Anati, "Sesani apa. Mukatha mukavule juziyo, mukayeze kalamba kanu. Kwatsala mabolodi khumi ndi limodzi, ndipo a Harjit akufuna ena makumi awiri pofika Lachisanu."